Wilibala, Sutikesi ndi Nyuzipepala: Mmene Mawu Olumikizana a Chingerezi Anadulidwira ku Macanga ndi Tsangano

Mwana wa ku Furancungo akamayamba phunziro lake loyamba la Chingerezi, amakhala atasenza kale mawu ambiri a chilankhulochi mosadziwa. Wilibala amaidziwa, mwina anaikankhapo popititsa manyowa ku nazale ya fodya. Sutikesi ili pansi pa kama wa agogo ake. Nyuzipepala ndi imene amakutira makope, ndipo pa mpira wa madzulo sipalephera mkangano wa amene akhale goloboyi. Komabe mphunzitsi akalemba wheelbarrow pa bolodi, mwanayo amangoti maso tong'o ngati waona mlendo. Akauzidwa kuti abwereze, m'kamwa mwake mumatuluka maphatikizo anayi pamene Mngerezi amatchula atatu, ndipo mphamvu ya mawu imagwera pamalo ena.

Ambiri amati limeneli ndi vuto la lilime lolemera. Mbiri ya kumpoto kwa chigawo cha Tete ikuonetsa kuti katchulidwe kameneka kali ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ndi akale kuposa sukulu za m'maboma a Macanga ndi Tsangano. Anthu amene anayamba kunena kuti wilibala sanaphunzire Chingerezi m'buku. Anachimva ndi makutu, n'kuchidula monga mmene Chinyanja chimadulira mawu ake. Mphunzitsi amene wamvetsa mmene iwo anadulira amapeza kuti gawo lalikulu la phunziro la mawu olumikizana, ndiko kuti mawu omangidwa ndi mawu awiri kapena atatu, makolo analigwira kale.

Chipwitikizi ndicho chinayamba kufika

Chilankhulo choyamba cha ku Ulaya kuzika mizu m'chigwa cha Zambezi chinali Chipwitikizi. Apwitikizi anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo amalonda awo ankakwera kumtunda kukafuna minyanga ndi golide m'dziko la Amaravi. M'zaka za m'ma 1700 banja la Caetano Pereira, lochokera ku Goa, linalowa m'dziko la Undi, ndipo zidzukulu zake zinadzalamulira Makanga ngati mafumu mpaka mu 1902, pamene asilikali a boma la Chipwitikizi anagonjetsa dzikolo. Zaka mazana angapo za malonda zinasiya m'Chinyanja mawu ngati nsapato, kalata, chipewa, zenera, kama, mbatata, kachasu ndi kapitawo.

Mawu amenewa sanavute kwambiri, chifukwa mawu ochuluka a Chipwitikizi amathera ndi vawelo monga a Chinyanja. Sapato anangolandira n kumayambiriro. Pamene makonsonanti awiri anagundana, monga mu carta, anthu anaikapo vawelo pakati, mawuwo n'kukhala ka-la-ta. Choncho luso lotsegula malo othinana poikapo vawelo linali litazolowereka kalekale Chingerezi chisanafike.

Malire a 1891 ndi maulendo a kuntchito

Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891 linadula pakati dziko la Achewa ndi la Angoni a Maseko. Mpaka lero msewu waukulu wa ku Malawi, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, umayenda m'malire enieniwo, moti pa msika wa Lizulu wogula amatha kuima ku Malawi wogulitsa ali ku Mozambique. Abale a mtundu umodzi anapezeka ali pansi pa maboma awiri, lina lolamula m'Chingerezi, lina m'Chipwitikizi, koma maliro, maukwati ndi misika sizinasiye kuwakumanitsa.

Chimene chinabweretsa Chingerezi chochuluka chinali ntchito. Msonkho ndi chibalo, ntchito yokakamiza ija, zinachititsa amuna ambiri kusiya midzi. Mu 1913 boma la Chipwitikizi linasainirana ndi Southern Rhodesia pangano la Tete, lolola bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau kulemba amuna okwana 15,000 a m'chigawochi. M'chaka chomwecho South Africa inaletsa migodi yake kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, chifukwa ambiri ankamwalira ndi chibayo. Motero njira yotseguka kwa mnyamata wa ku Macanga inali ya ku minda ya fodya ndi ku migodi ya Rhodesia. Ena ankawoloka malire n'kukalembetsa ngati anthu a ku Nyasaland, ena ankayenda wapansi mpaka ku Joni. Amene sanabwerere anatchedwa matchona. Amene anabwerera anabwera ndi mabulangeti, njinga ndi mawu.

Mawu a nthawi imeneyo amanunkha thukuta ndi ulendo. Folomani anabwera kudzaima pambali pa kapitawo wa Chipwitikizi. Ovololo ndi chovala cha kuntchito, wilibala ndi chida chake, sutikesi ndi imene munthu ankabwera nayo kumudzi. Ngakhale keyala ili ndi mbiri yomweyi: munthu wopanda bokosi lake ku positi ofesi ankalandira kalata kudzera mwa bwana kapena mishoni, ndipo pa envelopu ankalemba mawu awiri akuti care of. M'makutu mwa anthu mawu awiriwo anasanduka dzina limodzi.

Chingerezi chimene chinkamveka m'dera lino sichinali cha ku London chokha. Amishoni a ku Blantyre, kuyambira 1876, anali a ku Scotland. A ku Mvera, kuyambira 1889, ndi a ku Nkhoma, kuyambira 1896, anali a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, ndipo mu 1909 anatsegula mishoni ya Mphatso ku Angónia, imene boma la Chipwitikizi linaitseka mu 1922. Anthu a ku Scotland ndi olankhula Chiafrikaans amatchula r wa kumapeto kwa phatikizo, pamene Mngerezi wa ku London samutchula. Mchira wa -la mu pepala, masitala, dalaivala ndi mesenjala, komanso lo wa mu folomani, zikugwirizana ndi katchulidwe ka r womveka uja.

Sukulu ya mbali ya Mozambique sinathandize kufalitsa mawuwa. Pangano la Portugal ndi Vatican la mu 1940, pamodzi ndi lamulo la amishoni la mu 1941, linaika maphunziro a ana a eni dziko m'manja mwa mpingo wa Katolika, ndipo chilankhulo cha m'kalasi chinali Chipwitikizi. Ansembe a Chijezuiti, amene anali ndi mishoni ku Lifidzi, anaphunzira Chinyanja mozama n'kutulutsa madikishonale a Chinyanja ndi Chipwitikizi mu 1963 ndi 1964, koma Chingerezi chinalibe malo pa sukulu ya kumudzi. Mawu obwerekedwawo anayenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo n'chifukwa chake amasunga zimene khutu linamva, osasamala za kalembedwe.

Zimene khutu linachita

Phatikizo la Chinyanja limathera ndi vawelo. Likhoza kukhala vawelo yokha, monga a mu a-na, kapena konsonanti ndi vawelo, monga mu mu-tu. Makonsonanti ngati nd, ng, mb ndi nj amayendera limodzi kumayambiriro kwa phatikizo: mu-nda, nyu-mba. Kupatula m woima payekha wa mu m-te-ngo, palibe phatikizo lotsekedwa ndi konsonanti. Chingerezi chili ndi khalidwe lina. Phatikizo lake likhoza kuyamba ndi makonsonanti atatu n'kutsekedwanso ndi atatu kapena anayi, moti mawu aatali ngati strengths ndi phatikizo limodzi lokha.

Mawu awiri a Chingerezi akalumikizana, mchira wa oyamba umagundana ndi mutu wa achiwiri, ndipo makonsonanti amaunjikana pamsoko. Mu suitcase t akumana ndi k. Mu newspaper z akumana ndi p. Mu handbrake makonsonanti anayi aima mondondozana. Wolankhula Chinyanja anachita zimene anachita ndi carta: anatsegula pothinapo ndi vawelo. Vawelo yake sinkasankhidwa mwachisawawa. Kawirikawiri inkakhala i, monga mu su-ti-ke-si ndi nyu-zi-pe-pa-la. Pambuyo pa konsonanti ya milomo inkakhala u, monga mu bu-le-ki ndi tiyi ru-mu. Nthawi zina inkangotengera vawelo yoyandikana nayo, monga mu fo-lo-ma-ni, o-vo-lo-lo ndi go-lo.

Zotsatira zake zimawerengeka ndi kuwomba m'manja. Suitcase ali ndi maphatikizo 2, sutikesi ali ndi 4. Foreman ali ndi 2, folomani ali ndi 4. Wheelbarrow ali ndi 3, wilibala ali ndi 4. Newspaper ali ndi 3, nyuzipepala ali ndi 5. Headmaster ali ndi 3, hedimasitala ali ndi 6.

Chofunika kwambiri kwa mphunzitsi ndi malo amene vawelo yowonjezerayo inagwera. M'mawu ambiri inagwera pamsoko penipeni, ngati chikhomo cha malire. Munthu akadula suti ndi kesi, nyuzi ndi pepala, wili ndi bala, hedi ndi masitala, folo ndi mani, amakhala wadula pamene Mngerezi amadula: suit-case, news-paper, wheel-barrow, head-master, fore-man. Mbali zina za mawuwa zimakhalanso pazokha m'Chinyanja. Pepala aliyense amalidziwa, ndipo mwana amene waona kuti nyuzipepala ndi sandipepala zonse zili ndi pepala wagwira kale tanthauzo la mawu olumikizana. Suti ndi chovala, wilo ndi la njinga, ahedi ali mu ofesi yawo.

Goloboyi ndi umboni wa mtundu wina. Mngerezi amati goalkeeper. Anthu a kuno anatenga zidutswa ziwiri za Chingerezi, goal ndi boy, n'kudzimangira okha dzina, ndipo analimanga mwa dongosolo la Chingerezi, munthuyo kumapeto, malo ake a ntchito kumayambiriro. Amene anachita zimenezi anali atamvetsa kamangidwe ka mawuwo.

Pali mawu ochepa amene msoko wake unasuntha. Sunday ndi sun ndi day, dzuwa ndi tsiku, ndipo amadulidwa Sun-day. M'Chinyanja n ndi d ndi pachibale, choncho anagwirana n'kupita ku phatikizo lachiwiri: Sa-nde. Apa ndi pamene mwana amafunika kuthandizidwa kuona malire amene khutu lake linawafafaniza.

Angerezi nawonso anafafaniza misoko

Kulumikiza mawu ndi khalidwe lakale la Chingerezi, lofanana ndi la Chijeremani ndi Chidatchi. Zaka zoposa 1,000 zapitazo mwini nyumba ankatchedwa hlafweard, kutanthauza wosunga buledi. Pakamwa panawafupikitsa mpaka anakhala lord, phatikizo limodzi. Shepherd ndi sheep ndi herd, koma lero h samveka ndipo vawelo yoyamba inafupika. Breakfast ndi break ndi fast, kumasula kusala kwa usiku, koma satchulidwanso monga mawu awiriwo amatchulidwira paokha. Mawu olumikizana akakhalitsa ndi kugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, msoko wake umaperepeseka. Chinyanja chimachitanso chimodzimodzi pamene mwana wanga asanduka mwananga.

Mawu awiri obwerekedwa amasonyeza bwino zimenezi. Cupboard poyamba linali thabwa loikapo makapu, cup ndi board. Mngerezi wa lero satchula p, ndipo board amangoitchula mopepuka. Kabati, mawu amene alinso m'Chiswahili, alibe p ndipo alibe bolodi. Christmas ndi Christ ndi mass, misa ya Khristu, koma t wake samveka, ndipo mu Khirisimasi mulibenso t. Pamawu awiriwa agogo amene sanapite ku sukulu ali pafupi ndi katchulidwe ka Mngerezi kuposa wophunzira amene akuwerenga lembo lililonse limene waliona.

Ngakhale kadulidwe ka mawu pa pepala kanali ndi mikangano yake. Buku la Thomas Dilworth la mu 1740, limene ana ambiri a ku England ndi America anaphunzirira kuwerenga, linkadula mawu motsatira chizolowezi cha Chilatini, kusiya vawelo kumapeto kwa phatikizo, monga ha-bit. Noah Webster, m'buku lake la mu 1783, anasintha n'kudula motsatira katchulidwe, hab-it. Osindikiza mabuku a ku Oxford anakonda kudula motsatira chiyambi cha mawu, ndipo mpaka lero madikishonale ena amalemba know-ledge pamene ena amalemba knowl-edge. Koma pa mawu olumikizana onsewa amagwirizana: mpeni woyamba umagwera pamsoko. Mbali iliyonse imadulidwanso payokha pambuyo pake ngati ili ndi maphatikizo angapo, monga news-pa-per.

Kalembedwe kokha sikauza munthu ngati mawu ndi olumikizana. Ena amalembedwa mogundana, monga football, ena ndi kamzere, monga mother-in-law, ena motalikirana, monga post office. Kalembedweka kamasinthanso ndi nthawi. Mu 2007 dikishonale ya Shorter Oxford inachotsa kamzere m'mawu pafupifupi 16,000, ena n'kuwagundanitsa, ena n'kuwalekanitsa. Chimene chimaulula mawu olumikizana ndi tanthauzo lake limodzi komanso katchulidwe.

Nkhondo, kuthawa ndi kubwerera

Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, Chipwitikizi chinakhala chilankhulo cha boma ndi cha sukulu. Nkhondo yapachiweniweni inagwetsa sukulu zambiri za ku Macanga, Angónia ndi Tsangano, ndipo anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi. Ambiri a kumpoto kwa Tete anakakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, pakati pa abale olankhula chilankhulo chawo chomwe. Kumeneko, kuyambira 1968, Chichewa ndi Chingerezi ndizo zinali zilankhulo za sukulu, za wayilesi ndi za nyuzipepala. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwawo ndi ana amene anakula akumva Chichewa chodzala ndi mawu a Chingerezi. Malonda a mbatata ya kachewere, tirigu ndi fodya, komanso wayilesi za tsidya lina, zapitiriza kuonjezera mawuwo.

M'zaka zomwezo maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kuyesedwa. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayendetsa ntchito ya PEBIMO m'zigawo ziwiri, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete. Ofufuza amene anaiunika, kuphatikizapo Carol Benson, anapeza kuti ana ankalankhula momasuka m'kalasi akamaphunzira m'chilankhulo chawo. Mu 1995 Mozambique inalowa m'bungwe la Commonwealth, ndipo Chingerezi, chilankhulo cha mayiko onse oyandikana nayo, chinakwera mtengo. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anakhazikitsidwa m'sukulu za boma kuyambira 2003, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya mu 2004 inalowetsa Chingerezi mu kalasi 6. Lamulo la maphunziro nambala 18 la mu 2018 linatsimikizira malo a zilankhulo za m'dziko, ndipo pulani ya 2020 mpaka 2029 ikuwerenga zilankhulo 19.

Apa panabadwa wophunzira wa mtundu watsopano. Agogo ake anakumana ndi Chingerezi ndi khutu lokha. Iye amakumana nacho ndi maso, atadziwa kale kuwerenga m'zilankhulo ziwiri, chilichonse ndi malamulo ake a malembo. Luso limeneli ndi chuma, koma limatcheranso misampha imene agogowo sanaidziwe.

Misampha itatu ya wowerenga zilankhulo ziwiri

Msampha woyamba ndi wa malembo awiri okumana pamsoko. M'Chipwitikizi nh, lh ndi ch salekanitsidwa, monga mu vi-nho ndi fi-lho. Mwana amene wagwira bwino lamuloli akaona greenhouse, downhill kapena manhole amawerenga nh ngati ny, ndipo akaona schoolhouse amawerenga lh ngati wa mu filho. Koma n ndi wa green, h ndi wa house, ndipo h wa Chingereziyo amamveka, pamene wa Chipwitikizi ndi wachete. Chinyanja nachonso chimakoka mbali yake. Th, ph ndi kh ndi liwu limodzi lotuluka ndi mpweya, choncho pothole amasanduka po-tho-le ndipo uphill amasanduka u-phi-li. Nd, ng ndi mb amathamangira kumayambiriro kwa phatikizo, choncho sunglasses ndi handbag zimadulidwa pamalo olakwika. Palinso lembo c. Misonkhano yokonza kalembedwe ka zilankhulo za Mozambique ya mu 1988, 1999 ndi 2008 inasiya c kuimira liwu limene ku Malawi limalembedwa ch, n'chifukwa chake mabuku amalemba Cinyanja. Mwana wa mabuku amenewa akhoza kuwerenga c wa mu suitcase ndi raincoat ngati wa mu Cinyanja. Mankhwala a msampha wonsewu ndi amodzi: kupeza mawu awiriwo choyamba, kuwerenga pambuyo.

Msampha wachiwiri ndi wa dongosolo. Chinyanja chimaika chinthu chenichenicho patsogolo, chochifotokoza pambuyo: mpira wa miyendo, nyumba ya udzu. Chikamanga dzina limodzi chimayamba ndi mchitidwe: msungichuma, chiphadzuwa, mpondamatiki. Chipwitikizi chimagwirizana nacho: fim de semana, carrinho de mão, guarda-redes, guarda-chuva. Chingerezi chimatembenuza. Weekend ndi mapeto, football ndi mpira, goalkeeper ndi munthu, ndipo m'mawu onsewa mwini tanthauzo ali kumapeto. Houseboat ndi bwato, boathouse ndi nyumba. Mwana amene zilankhulo zake zonse ziwiri zamuphunzitsa kuyang'ana kumayambiriro amafunika kuuzidwa momveka kuti apa ayambire kumapeto pofuna tanthauzo.

Msampha wachitatu ndi wa kutsindika. Chinyanja chimasiyanitsa mawu pokweza ndi kutsitsa liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, mfundo imene Laura Downing ndi Al Mtenje anaifotokoza m'buku lawo la mu 2017 lonena za maliwu a Chichewa. Choncho pamapeto pa chiganizo zimamveka wilibaala, sutikeesi, nyuzipepaala. Mawu ambiri a Chipwitikizi nawonso amatsindikidwa pamalo omwewo. Mawu olumikizana a Chingerezi kawirikawiri amaponya mphamvu pa mbali yoyamba: WHEELbarrow, SUITcase, NEWSpaper, FIREwood, POST office. Nkhaniyi imakhudza tanthauzo. BLACKboard ndi bolodi la m'kalasi, ngakhale litakhala lobiriwira, pamene black BOARD ndi thabwa lililonse lakuda. GREENhouse ndi nyumba yomeretsera mbewu, green HOUSE ndi nyumba yopakidwa utoto wobiriwira. Lamuloli lili ndi mawu ena olithawa, monga headMASter ndi afterNOON, ndipo weekend amamveka mwa njira zonse ziwiri. Otere ndi ochepa, ndipo amaphunziridwa amodziamodzi.

Zimene mbiriyi ikusiyira mphunzitsi

Phunziro la mawu olumikizana likhoza kuyambira pa mawu amene ana abwera nawo kuchokera kunyumba. Mphunzitsi amalemba sutikesi, ana amawomba m'manja kanayi. Amawafunsa kuti apeze mawu awiri obisala m'menemo, ndipo suti amaonekera msanga. Kenako amalemba suitcase pansi pake, amaika kamzere pamsoko, amasonyeza mavawelo awiri amene Chinyanja chinaonjezera, ndipo ana amawomba kawiri, koyamba mwamphamvu, kachiwiri mopepuka. Akatero ndi nyuzipepala, wilibala ndi folomani, ana amayamba kuona lamulo okha. Sande, kabati ndi Khirisimasi amabwera pambuyo, ngati zitsanzo za misoko yosuntha ndi yoperepeseka. Greenhouse ndi pothole amabwera pamapeto, anawo atazolowera kufunafuna mawu awiri asanatsegule pakamwa.

Chovuta kwambiri kwa mwana ndi kutseka phatikizo ndi konsonanti popanda kuikapo vawelo. Apa Chipwitikizi chimathandiza, chifukwa mwana wotchula mar, sol ndi festa wadziwa kale kuimitsa phatikizo pa konsonanti. Chotsala ndi kumuzoloweza kuchita zomwezo ndi t, k, d ndi p.

Pali kusiyana pakati pa kuuza mwana kuti sutikesi ndi Chingerezi cholakwika ndi kumuuza kuti sutikesi ndi Chinyanja cholondola chimene chili ndi m'bale wake m'Chingerezi. Mwana wouzidwa zoyambazo amaphunzira kuchita manyazi ndi kalankhulidwe ka kwawo, ndipo amatseka pakamwa m'kalasi, chinthu chimene maphunziro a zilankhulo ziwiri anabwera kudzathetsa. Wouzidwa zachiwirizo amapita kunyumba ndi ntchito yoti akagwire: kukafunsa agogo mayina a zida, zovala ndi katundu amene anabwera nawo kuchokera ku Rhodesia, ku Joni kapena ku Ntcheu, n'kudzawalemba pa bolodi mawa lake. Mndandanda wotere umasiyana pakati pa mudzi wa ku Tsangano ndi wa ku Macanga, malinga ndi kumene anthu ake ankapita, ndipo sukulu iliyonse imene yausunga imakhala ndi buku lake la mawu olumikizana, lolembedwa ndi ana kuchokera pakamwa pa makolo awo.